Tinyali ta pa dashibodi tikuyaka, makina oyezera akukana: ndiyambire pati?

Funso lachokera kwa bambo wina wa ku Machinjiri. Akuti: "Ndili ndi Toyota Corolla ya 1996, injini 5A-FE, yomwe ndinagula kwa munthu amenenso anagula kwa wina. Nyali ya injini imayaka n'kuzima yokha. Ya batire imayaka mozilala usiku, makamaka kukagwa mvula, ndipo imayakira limodzi ndi ya mabuleki. Sabata yatha ya oyilo inaphethira ndili pamzere wa magalimoto pa Ginnery Corner. Ku galaja ina anati makina awo alibe polowetsa pa galimoto yangayi, ndiye bola angochotsa mababu. Kodi chilipo chomwe ndingayeze ndekha kunyumba?"

Bambo, chilipo, ndipo si chimodzi. Koma mababuwo asachotsedwe. Galu akamauwa usiku uliwonse, mankhwala ake si kumumanga pakamwa. Mwina akuuwa mwezi, mwinanso kuseri kwa khola kuli munthu, ndipo simudziwa mpaka mutatuluka ndi tochi. Pa nyali iliyonse funso ndi lomwelo: kodi ikunena zoona, kapena yasokonezeka yokha ndi waya wake?

Za makinawo sanakunamizeni. Makina ambiri omwe ali m'magalaja muno amamva dongosolo la OBD-II, lomwe linakhala lamulo ku America mu 1996 ndipo ku Ulaya, pa magalimoto a petulo, mu 2001. Magalimoto opangidwira msika wa ku Japan, omwe ndi ambiri mwa amene timayendera kuno, anachedwa kulowamo. Komabe kompyuta ya Corolla yanu imasunga matenda ake, ndipo imawanena yokha kudzera pa nyali yomweyo yomwe akufuna kuichotsayo. Tifikapo.

Chida chogula n'chimodzi chokha: multimeter, mita yoyezera magetsi, ngakhale yotchipa ija yachikasu. Zina zonse mupanga nokha. Tengani babu la 12 V la 5 W, ngati la nambala puleti, waya wotalika mita imodzi ndi theka, kakilipi kopanira, ndi sipoko ya njinga yonoledwa pamwala. Mbali imodzi ya babu ipite ku sipoko, inayo ku waya wa kakilipi. Sipokoyo ilowetseni m'chikhungwa cha bolopeni yotha inki, pangotuluka nsonga yokha, kuti isamagunde zitsulo zina. Anyamata okonza mawailesi mu msika wa Ndirande kapena wa Limbe akuwotchererani mosachedwa. Mukadali pomwepo, apempheni akupangireni china chofanana nacho, koma m'malo mwa babu aike kanyali ka LED ndi resistor (kachipangizo kochepetsa magetsi) ya ma ohm 1,000. Babu la 5 W limakoka pafupifupi 0.4 A, pamene LED yotereyi imakoka pafupifupi 0.01 A. Kusiyana kumeneku n'kofunika: chababu n'cha mafyuzi, magetsi ndi maswichi, cha LED n'cha mawaya opita ku kompyuta, omwe sapirira katundu wa babu. LED imayaka mbali imodzi yokha, ndiye ikakana, tembenuzani musanagamule. Chachitatu ndi kawaya kolimba ka kopa kotalika ngati chala, kosendedwa nsonga zonse. Chachinayi ndi geji ya oyilo, ndinena tikafika pa oyilo.

Musanatsegule boneti, khalani pampando, tembenuzani kiyi afike pa ON osaliza injini, muwerenge nyali zomwe zayaka. Ya oyilo, ya batire, ya injini ndi ya mabuleki ziyenera kuyaka zonse. Yomwe siikuyaka ndi yoopsa kuposa yoyakayo, chifukwa galimoto yodutsa m'manja ambiri imabisa zambiri.

Inu mwatchula nyali ya injini poyamba, ya oyilo pomaliza. Ine ndiyambira komwe mwathera, chifukwa nyali ya injini mutha kuyenda nayo mpaka kunyumba, koma ya oyilo ikakhala kuti ikunena zoona, injini imanoka m'mphindi zowerengeka. Nyaliyi siyeza kuchuluka kwa oyilo, imayeza mphamvu yomwe pampu ikumukankhira nayo. Choncho yambani ndi dipstick, kandodo koyezera kuchuluka kwa oyilo, galimoto itaima pamalo athyathyathya, injini itazima mphindi zisanu. Injiniyi imalowa oyilo pafupifupi malita 3 okha, ndipo kuchoka pa F kufika pa L ndi pafupifupi lita imodzi. Ku Machinjiri kuja, ndi zitunda zanu zija, oyilo wochepa amathawira mbali imodzi, pampu n'kumeza mpweya.

Oyilo akakhala wokwana, funani swichi yake. Ili pa buloko kufupi ndi fyuluta ya oyilo, ndipo ili ndi waya mmodzi. Kagwiridwe kake n'kophweka: mphamvu ya oyilo ikakhala pansi, swichi imalumikiza wayayo ku chitsulo cha injini, nyali n'kuyaka. Kiyi ali pa ON, zulani wayayo. Nyali iyenera kuzima. Mugunditseni ku buloko, iyenera kuyaka. Mukazula koma nyali osazima, ndiye kuti wayayo wakhuluka penapake ndipo akugunda chitsulo, kapena wina anachitapo zachinyengo. Ndinalandirapo galimoto yomwe wogulitsa analumikiza babu la oyilo ku waya wa nyali ya batire, kuti injini ikangolira zonse zizizimira limodzi ngati zili bwino. Mwiniwake watsopano anadziwira pa phokoso, akutsika mtsetse wopita ku Chikwawa.

Swichi nayo imakalamba. Mukaona oyilo akuchucha pa pulasitiki yake, isintheni, ndi yotchipa. Koma musakhutire ndi zimenezo, chifukwa swichi imangodziwa zinthu ziwiri, kuti mphamvu ilipo kapena palibe, ndipo malire ake ali pansi kwambiri, cha m'ma 0.2 mpaka 0.3 bar (bar ndi muyezo wa mphamvu yokankhayi). Apa mpamene pamafunika geji. Pezani geji ya kompuresa yakale yofika 7 kapena 10 bar, muilumikize ku payipi yofewa ya grease gun, yomwe mazinga ake ndi a saizi ya 1/8 ngati a swichi. Masulani swichi, mulowetse payipiyo pamalo pake. Yambani kumanga ndi zala. Bowo la Toyota lili ndi mazinga a mtundu wa BSPT, 28 pa inchi, pamene mapayipi ena ali ndi a NPT, 27 pa inchi. Amaoneka ofanana, amalowa kawiri katatu kenaka n'kulimba, ndipo mukakakamiza ndi sipanala mwaononga buloko. Akalimba msanga, pitani kwa ochita za hydraulic akupatseni cholumikizira choyenera.

Lizani injini itenthe mpaka fani izungulire, chifukwa oyilo wozizira ndi wolimba ndipo amanamiza. Buku la Toyota la injini za banja limeneli limafuna osachepera 0.3 bar injini ikulira yokha, ndi pakati pa 2.5 ndi 5 bar pa 3,000 rpm, injini ikuzungulira ka 3,000 pa mphindi. Geji ikaonetsa manambala abwino, yonama inali swichi, gonani tulo. Ikakhala pansi injini ikulira yokha koma n'kukwera bwino mukaponda moto, kawirikawiri ndi mabeyaringi otha kapena oyilo wosungunuka ndi petulo, ndipo n'zofanana ndi zomwe munaona pa Ginnery Corner: dzuwa likuswa, injini yotentha, galimoto siikuyenda. Ikakhala pansi ponseponse, kapena singano ikamagwa mukaponda moto, tsitsani sampu muone sefa ya pampu. Pa magalimoto omwe amwa oyilo wa m'mabotolo a m'mbali mwa msewu, sefayi timaipeza itamatidwa ndi matope akuda ngati phula. Ena akuuzani kuti thirani oyilo wolimba wa 20W-50, nyali izima. Ikhoza kuzimadi, koma mabeyaringi sabwerera mwakale. Ngati mwasankha kutero, chitani mukudziwa kuti mukungogula nthawi yosonkhanitsa ndalama.

Tsopano batire ndi mabuleki. Kuyakira limodziko kusakuopseni kwambiri. Pa Toyota zambiri za zaka zimenezo nyali ya mabuleki inalumikizidwa dala ku dera la nyali ya batire, kuti mukatembenuza kiyi muone ngati babu lake lili moyo. Alternator, yomwe imatchaja batire, ikafooka, zonse zimayaka. Pa zina zochokera ku Japan pamayakanso kanyali ka kutentha kwa ekizozi. Kutsimikiza n'kosavuta: tsitsani handibuleki mpaka pansi, onani ngati mafuta a mabuleki ali pakati pa MIN ndi MAX. Akatsika, musangothira, onani mapadi ndi mapayipi, chifukwa mafutawa satha okha. Zonse zikakhala bwino ndipo nyali ya mabuleki siyaka yokha popanda ya batire, mlandu uli kwa alternator.

Ikani multimeter pa 20 V DC, muyeze pa mitu ya batire m'mawa galimoto isanalire. Batire lodzaza limaonetsa 12.6 V. Likaonetsa 12.0 V latsala pang'ono kutheratu. Wina akulizireni injini inu mukuyang'ana: lisagwe pansi pa 9.6 V. Injini ikalira muyenera kuona pakati pa 13.8 ndi 14.5 V. Kenaka chitani usiku wa mvula masana: yatsani magetsi aakulu, fani ya m'kati, mawaipa ndi chotenthetsa galasi lakumbuyo, mupondeko moto pang'ono. Manambala akagwera m'ma 12, alternator siikukwanitsa. Akadutsa 15 V, regulator, yomwe imaletsa magetsi a alternator kupyola muyezo, yafa ndipo ikuphika batire.

Mawu anu oti "kukagwa mvula" akundilozera ku lamba. Lamba wotha kapena wolefuka akanyowa amatereka, nthawi zina mopanda phokoso. Injini itazima, mukanikizeni ndi chala chachikulu pakati pa mapule awiri: asalowe kupitirira pafupifupi sentimita imodzi, ndipo asakhale wonyezimira kapena wong'aluka. Lamba akakhala bwino, ganizirani maburashi. Pa alternator za Denso amakhala m'kachikombole kakang'ono kuseri kwa chivundikiro chakumbuyo, ndipo amasinthika popanda kuphwasula alternator yonse. Atsopano amatulukira pafupifupi sentimita imodzi. Akafupika amagunda mwa apo ndi apo, nyali n'kumayaka mozilala monga mwanenera. Anthu ambiri agula alternator yonse pa vuto la tizidutswa tiwiri ta kaboni.

Palinso kuyeza kumodzi komwe amakaniko ambiri amadumpha. Injini ikulira, magetsi onse atayaka, ikani chingwe chimodzi cha mita pa mutu wa negetivi wa batire, china pa chitsulo cha injini. Muyenera kuona zosakwana 0.2 V. Kenaka kuchoka pa nati yaikulu ya kumbuyo kwa alternator kufika pa mutu wa pozitivi: zisafike theka la volt. Zikapitirira, magetsi akutayikira pa dzimbiri kapena pa nati yolefuka, ndipo mankhwala ake ndi sandipepa ndi sipanala ya 10.

Chomwe musalole n'kuzula mutu wa batire injini ikulira, ati poyesa ngati alternator ikutchaja. Zinkatheka pa magalimoto a kabureta. Batire ndi limene limameza kulumpha kwa magetsi, ndipo mukalichotsa kulumphako kumakathera mu kompyuta. Ine ndinachitapo ndili wophunzira ntchito, pa galimoto ya kasitomala, ndipo mwezi umenewo ndinagwira ntchito yolipira kompyuta ya eni ake.

Konzani za batire musanapite pa nyali ya injini, chifukwa magetsi osakhazikika amachititsa kompyuta kulemba matenda omwe kulibe.

Tsegulani boneti, mufune kabokosi kakang'ono kolembedwa DIAGNOSIS. Kuseri kwa chivundikiro chake kuli chithunzi cha mabowo onse ndi maina ake. Mukufuna awiri: TE1 ndi E1. Zimitsani kiyi, ikani giya pa N kapena P, zimitsani AC, phazi lichoke pa moto, batire likhale ndi zoposa 11 V. Lumikizani TE1 ndi E1 ndi kawaya ka kopa kaja. Yang'anitsitsani kawiri, chifukwa m'kabokosi momwemo muli bowo la +B lomwe lili ndi moto, ndipo likakumana ndi E1 fyuzi imapsa. Ngati chithunzi chinafufutika, musalote, pezani galimoto ina yofanana mukopere. Tembenuzani kiyi pa ON osaliza, muyang'ane nyali ya injini.

Ikamaphethira mofulumira mosadukiza, kawiri pa sekondi, kompyuta ilibe dandaulo. Ikakhala nalo, imawerenga manambala awiriawiri. Imaphethira kangapo, n'kupuma sekondi imodzi ndi theka, n'kuphethiranso kangapo. Kawiri, kupuma, kawiri, ndiye 22. Pakakhala nambala ina imapuma masekondi awiri ndi theka isanayambe, kuyambira yaing'ono kupita yaikulu, ndipo ikamaliza zonse imapuma masekondi anayi ndi theka n'kubwereza. Kuona maso a nkhono n'kudekha: isiyeni ibwereze katatu, mulembe papepala, kapena jambulani ndi foni muziwerenga mutakhala pansi.

Manambala omwe timakumana nawo kwambiri pa injini zimenezi ndi awa. 12 ndi 13 ndi chizindikiro cha kuzungulira kwa injini chochokera mu distributor, yomwe imagawa moto ku mapulagi. 14 ndi dera la moto wa mapulagi. 21 ndi sensa ya oxygen ya pa ekizozi. 22 ndi sensa ya kutentha kwa madzi, 24 ya kutentha kwa mpweya wolowa. 31 ndi sensa ya vacuum (kukoka kwa mpweya mu manifodi), 41 ya pa throttle (chitseko cha mpweya chomwe chimatseguka mukaponda moto), 42 ya liwiro la galimoto, 52 ya knock (kugogoda kwa injini). Mukaona 51 musathamange, nthawi zambiri ndi chifukwa AC inali yoyaka kapena phazi linali pa moto pamene munkayeza.

Apa mpamene ndalama za anthu zimathera. Nambala sikunena kuti chipangizo chafa, ikunena kuti kompyuta siikumva bwino kuchokera mbali imeneyo. Pakati pa sensa ndi kompyuta pali pulagi ndi waya wa zaka pafupifupi makumi atatu, wophikidwa ndi injini, wothiridwa madzi amphamvu kotsukitsa magalimoto, mwinanso wolawidwa ndi makoswe ngati mumaimika pafupi ndi chimanga. Nyali yoyaka n'kuzima yokha ngati yanuyi, ine ndimayamba kukayikira pulagi ndisanakayikire sensa.

Titenge 22, poti ndi yofala. Sensa yake ili pafupi ndi pamene payipi ya madzi imalowera mu injini, ndipo ili ndi mawaya awiri. Musaisokoneze ndi ya waya mmodzi, imeneyo ndi ya geji ya pa dashibodi. Injini itazizira, imasuleni, muike mita pa ma ohm. Pa 20°C iyenera kuonetsa pakati pa 2,000 ndi 3,000. Ikani poto wa madzi pa mbaula, muimange ndi waya kuti nsonga yokha ndiyo ilowe m'madzi osagunda pansi pa poto. Madzi akamatentha manambala azitsika mosalala, ndipo cha pa 80°C akhale pakati pa 200 ndi 400. Ngati mulibe thermometer, dikirani awire. Kuno ku Blantyre tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000, madzi amawira cha pa 96 kapena 97°C, ndipo pamenepo sensa yabwino imaonetsa cha m'ma 200 kapena kucheperako. Chofunika kwambiri n'chakuti manambala asalumphe kapena kusowa panjira. Sensa ikakhoza mayeso, yezani pa pulagi ya galimoto kiyi ali pa ON: pakhale pafupifupi 5 V. Kenaka bwezerani zonse, lizani injini, muzigwedeza mawaya pang'onopang'ono wina akuyang'ana nyali. Pomwe yayakira, dzanja lanu lili pa vutolo. Sensa imeneyi ikamanama kuti injini ndi yozizira, kompyuta imathira petulo wambiri ngati ndi m'mawa wa chiperoni tsiku lonse, ndiye mumazionera pa thumba ndi pa mapulagi akuda.

Chida cha LED chija ntchito yake ndi iyi. Tsiku lomwe galimoto izangozungulira osalira, zulani pulagi ya injector (yopopera petulo mu injini) imodzi, mugunditse mbali ziwiri za chidacho pa mabowo ake awiri, wina azungulitse injini. LED ikamathwanima, kompyuta ikulamula petulo, kafuneni vuto ku pampu kapena ku moto. Ikakhala zii, ndipo muli ndi nambala 12 kapena 14, pitani ku distributor.

Pa nambala 21, ya sensa ya oxygen ija, chotsani kaye zifukwa zotchipa: ekizozi yobooka sensa isanafike, kapena waya wopserera pa manifodi. Kumbukiraninso kuti petulo wokhala ndi lead (mtovu) anasiya kugulitsidwa m'chigawo chathu chino cha m'ma 2006, ndipo lead amapha sensa ya oxygen. Galimoto yomwe inalowa m'dziko zaka zimenezo zisanafike, ngati sensa yake ndi yomweyo, yaona zambiri.

Mukalemba manambala, afufuteni: kiyi atazima, zulani fyuzi yolembedwa EFI kwa theka la mphindi. Chotsani kawaya, muyende ulendo wabwino, tinene ku Lunzu n'kubwerera, muwerengenso. Manambala ena ndi akale, a mwini woyamba, kapena analembedwa tsiku lomwe wina anazula pulagi kiyi ali pa ON. Wobwerera ndiye woti mulimbane naye.

Kwa ena owerenga omwe Toyota zawo ndi zatsopanoko, zokhala ndi soketi ya mabowo 16 pansi pa chiwongolero koma makina akukana: pa zambiri kulumikiza bowo 4 ndi 13 kumachititsa nyali kuphethira chimodzimodzi. Bowo 16 lili ndi moto wa batire nthawi zonse, ndiye werengani mabowo mosamala kuposa mmene mumawerengera chenji.

Malo amodzi okha musafikeko ndi zida zanuzi: mapulagi ndi mawaya achikasu. Amenewo ndi a airbag, ndipo moto wochepa wodutsa mu babu loyezera ungaiphulitse nkhope yanu ili pomwepo. Nyali imeneyo ikayaka, pitani nayo kwa wodziwa.

Mpaka mutayeza ndi geji, galimotoyo isanyamule katundu wolemera kapena kupita ulendo wautali, ndipo nyali ya oyilo ikayaka osazima mukaponda moto, imani pomwepo ngakhale akuimbireni mabelu kumbuyo. Mukayeza, ndilembereni zomwe geji yaonetsa injini itatentha, zomwe mita yaonetsa magetsi onse atayaka, ndi manambala omwe abwerera mutachoka ku Lunzu.